Nkhoswe ya Mzungu Wopanda Kwawo

Anthu a ku Milonde mpaka lero akakhuta mowa amayamba nkhani ya mzungu amene ankalimira apongozi ake. Amaseka mpaka kugwira nthiti. Wina ayerekeze m'mene ankagwirira khasu, wina ayerekeze m'mene ankapatukira kutchire akaona apongozi aakazi akubwera m'njira. Ambiri mwa osekawo sanamuone n'komwe. Ine ndinamuona, ndinagwira naye ntchito, ndipo nkhoswe ya ukwati wake ndinali ine. Ndatopa n'kukangana ndi zidakwa pamsika. Ndinene kamodzi m'mene zinayendera, wofuna kuseka aseke atamva zonse.

Ndinabwerako ku nkhondo ya ku Burma ndili kopolo, malungo m'thupi, mendulo imodzi m'thumba. Tili m'nkhalango kuja anatiuza kuti tikafika kwathu tidzapatsidwa minda ndi ntchito zabwino. Anachita kutiwerengera papepala, ife tili pamzere. Ndinafika kuno, munda kulibe. Ntchito imene ndinapeza inali yosonkha moto pa ng'anjo youmitsira tiyi, pa esiteti ina m'munsi mwa phiri. Tsiku lonse kuponya bulugamu pamoto, thukuta kamukamu, kunja chiperoni chikuwaza, ukangotuluka chifuwa chakugwira. Anandipatsa chipinda chimodzi m'malayini, ine ndi mkazi wanga ndi ana atatu.

Mzunguyo anabwera chitaganya chisanayambe, kudzakhala wokonza makina a m'fakitale. Wamfupi, wofiira m'khosi, mano awiri akutsogolo kulibe. Tinaona msanga kuti azungu anzake sankamuwerengera. Nyumba anamupatsa yakumapeto, yodontha, yoyandikana ndi malayini athu. Kukalabu kwawo anapitako kamodzi basi. Khukhi wa bwana wamkulu ndiye ankatiuza zonenedwa patebulo, akuti Chizungu chake chinali chokhota, cha anthu oweta ng'ombe. Ife tinati zawo zimenezo. Onsewo amatitcha Anguru, adyane okhaokha.

Tsiku lina masana lamba wamkulu wa injini anaduka, phwaa! ngati bomba. Anthu anangodzidzimuka n'kuyamba kuseka. Amene tinadzigwetsa pansi chafufumimba, manja kumutu, tinali awiri, ine ndi iye. Tinayang'anana tili pasimenti pomwepo, fumbi la tiyi kukamwa.

"Iwe, kuti?" anandifunsa.

"Ku Burma."

"Ine kuchipululu, ndi Ajeremani. Kenako kunkhalango, ndi Ajapani ako omwewo. Unali chiyani?"

"Kopolo."

"Wandiposa. Ine ndinamenya sajeni, sindinakwere."

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera masana kudzakhala pamulu wa nkhuni. Ndinkaotcha chinangwa pakhomo pa ng'anjo, tinkagawana. Kalongonda wa mkazi wanga anadya tsiku loyamba osafunsa kuti n'chiyani, anangoti ku nkhondo anadyapo zoipa kuposa pamenepa. Ndinakamuuza mkazi wanga, anatukwana sabata yonse.

"Kodi kwanu n'kuti, bwana?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Usanditche bwana. Bwana ali mu ofesi."

"Chabwino. Kwanu n'kuti?"

"Kulibe."

"Mukunama. Ife amene makolo athu anathawa Apwitikizi, phiri limene anachokera tikulidziwa. Nanga inu obwera pasitima?"

Anandiuza pang'onopang'ono, masiku angapo, m'Chinyanja chake chothyokathyoka. Anabadwira ku Mangalande, m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja. Bambo ake anafa iye akukwawa. Mayi ake ankachapa zovala m'nyumba za anthu, ndiye atadwala anakamusiya kunyumba yosungira ana, n'kunena kuti akachira adzamutenga. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina m'mawa anawaveka majekete atsopano, iye ndi anzake ambiri, aliyense pepala lomangidwa ndi chingwe pabatani. Anawauza kuti akupita kudziko la dzuwa kumene ana amathyola zipatso popita kusukulu. Iye anafunsa za amake. Anamuyankha kuti anamwalira. Anakwera sitima yapamadzi, masabata ambiri, mpaka Ositireliya.

Zipatso sanazione. Anamupereka kwa mlimi wina, ntchito yake kukama ng'ombe, kogona m'shedi. Nthawi yozizira ankaponda ndowe zongogwa kumene kuti mapazi afunde. Mano aja anamugulula ndi mlimiyo. Nkhondo itayamba ananama zaka n'kulembetsa usilikali. Ndinamufunsa ngati ankaikonda choncho mfumu yawo. Anati iyayi, anangomva kuti asilikali amapatsidwa jombo ndi kudya katatu.

Nkhondo itatha anapita ku Mangalande kukafuna manda a amake. Anawapeza, koma anali manda atsopano. Mayi aja anamwalira nkhondo ili pafupi kutha. Zaka zonse zimene iye ankakama ng'ombe akudziyesa wamasiye, amake anali moyo. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anamuuza kuti ankapita kunyumba ya ana ija chaka ndi chaka kukafunsa, n'kumabwezedwa kuti mwana ali pabwino, asamusokoneze. Anakhala m'tauni imeneyo mwezi umodzi, womudziwa palibe. Anaona m'nyuzi kuti ku Nyasalande akufuna wamakina, anakweranso sitima.

Ine ndinapsa mtima ngati andichita ndine. Agogo anga anayenda wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, amayi anga ali kumsana, akudya mizu m'njira, koma mwana sanasiye ngakhale mmodzi. Ndiye anthu awa otitcha ife osazindikira, ana awo amawalongedza m'sitima ngati mabokosi a tiyi? Ndinatukwana, ndinaponya chipika pamoto mpaka mbaliwali kuthetheka. Iye anangoti, "Kopolo, tiyi apserera," n'kupita kukamanga makina ake.

Mkazi amene anadzamukwatira anali wothyola tiyi, wa mudzi wina kufupi ndi Milonde. Wamtali kumuposa, pakamwa posabisa kanthu. Tsiku lina azimayi atabwera ndi madengu kufakitale, anamupeza mzunguyo atawerama pamakina, buluku atang'ambika kumbuyo. Mkaziyo anakuwa m'Chilomwe kuti mzungu wanji ameneyu woonetsa anthu kumatako. Azimayi onse kugwa nako kuseka. Iye anandifunsa kuti akuti chiyani, ine ndinamasulira osachotsera. Mawa lake anabwera ndi bulukuyo m'manja, singano ndi ulusi, n'kumupatsa pamaso pa anthu onse. Mkaziyo anamusokera ndi chigamba chofiira, dala. Anavalabe.

Azungu ena a pa esiteti anali nawo akazi achikuda, tonse tinkadziwa. Olowera khomo lakukhitchini, ana osatchulidwa. Mkazi uyu anakana. Anati, "Ine sindine mphaka wolowera kuseri. Ngati akufuna, atume anthu ake kwa atsibweni anga."

Mzunguyo anabwera pa ng'anjo nkhope itagwa. "Akuti nditume anthu anga. Anthu ati? Ndilibe anthu."

Ndinamufotokozera kuti kuno ukwati umamangidwa ndi ankhoswe, wina wakuchikazi wina wakuchimuna, ndipo amayenera kukhala m'bale, mkulu wako kapena atsibweni. Anapukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. Kenako anati, "Iwe ndiwe wamkulu kwa ine. Zaka ziwiri kapena zitatu."

"Munthu amene ukumupempha unkhoswe sumuti iwe."

"Inu," anatero. "Achimwene."

Mkazi wanga anati ndapenga, bwana akamva atichotsa m'malayini. Sankanama. Koma munthu wamkulu akuima pamaso pako n'kunena kuti alibe womutuma, ungamuyankhe kuti chiyani? Ndinavomera.

Tinapita Lamulungu lina panjinga, tambala titamumangirira kumbuyo. Atsibweni a mkaziyo anali mdala woluka madengu othyolera tiyi, wanthabwala, zala zong'ambikang'ambika ndi nsungwi. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ena atakwera m'mitengo ya mango.

"Inu ndinu ndani wake wa munthuyu?" anandifunsa mdalayo.

"Mkulu wake."

Anatiyang'ana tonse awiri, uyu kenako uyu. "Amayi anu anadya chiyani pamimba ya uyu?"

Anthu anaseka mpaka nkhuku kubalalika. Mzunguyo nayenso anaseka, zibowo za mano pamtunda. Kenako mdala uja anasiya nthabwala.

"Akamumenya mwana wathu, tidzapita kwa ndani?"

"Kwa ine."

"Azungu anzake akabwera ndi mlandu?"

"Abwere kwa ine."

"Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Nyumba amanga pano? Munda wa apongozi alima? Kapena mzungu amangoloza ndi ndodo?"

Pamenepo anayankha yekha. Anagwada, manja pamodzi monga ndinamuphunzitsira. "Ndidzamanga. Ndidzalima."

Tambala anaphedwa, tinadya, thobwa linayenda. Ukwati unatheka.

Pobwerera tinaima pamtsinje kutsuka matope m'mateyala. Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Anandifunsa kuti, "Achimwene, tisapite ku boma tikalembetse? Kuti pakhale kalata ya ukwati."

Ine wolekeza Sitandade 2, pepala ndinkadana nalo ngati njoka. Ndinati, "Kalata ya chiyani? Ine anandiwerengera pepala ku Burma, munda wake uli kuti? Inuyo anakumangani pepala pajekete, linakufikitsani kuti? Mudzi wonse waona, tambala tadya, ankhoswe tilipo awiri. Ukwati woposa pamenepa kulibe. Ndipo mukangolemba ku boma lero, mawa bwana wamva, ntchito yatha."

Anaganiza pang'ono. "Mukudziwa ndinu, achimwene."

Ndinkadziwa chiyani? Ndinkadziwa za kwathu. Ndinaiwala kuti munthuyu anali ndi eni ena omwe sadya tambala.

Zaka ziwiri zinayenda bwino. Loweruka masana ankapalasa njinga kupita kumudzi, Lolemba m'mawa ali pantchito. Anaumba njerwa yekha, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nthochi za apongozi. Kunabadwa mwana wamkazi. Atakangana, mkaziyo ankabwera kwa ine, ine n'kukamukalipira mng'ono wanga monga nkhoswe iliyonse. Mlandu wake waukulu unali wongokhala duu masiku awiri osalankhula ndi munthu. Azungu a pa esiteti ankadziwa zonse, koma makina ankayenda, ndiye ankayang'ana kumbali.

Kenako makina opota masamba anamudya dzanja lamanja. Inali nyengo yamvula, tiyi wambiri, makina osapuma. Analowetsa dzanja kuti achotse chitsulo chinagweramo, wina anayatsa osayang'ana. Zala zitatu zinatsala momwemo. Tinamuthamangitsira kuchipatala ku Mishoni, anamusamala bwino, bala linapola. Koma dzanja linauma, sipanala osagwirika. Atangotuluka m'chipatala bwana wamkulu anamuitana mu ofesi. Anatulukamo ndi envulopu, anabwera molunjika pa ng'anjo.

"Ntchito yatha. Andipatsa tikiti. Akuti ndizipita kwathu."

"Kwanu kuti?"

"Ku Mangalande. Achimwene, akufuna andikwezenso sitima."

Munthu amene anaona Ajeremani ndi Ajapani, ndinamuona akuopa kapepala. Ndinalanda tikitiyo, ndinatsegula chitseko cha ng'anjo, ndinaponyamo. Ndinati, "Muli ndi nyumba, muli ndi mkazi, muli ndi mwana. Nyamulani katundu muzipita kwanu ku Milonde."

Anapitadi, wapansi, katundu panjinga. Anakhala kumudziko dzinja lonse mpaka kukolola. Izi ndi zimene zidakwa zimaseka. Inde ankalima, khasu kudzanja lamanzere, mizere yokhotakhota, apongozi akubwerezamo m'mbuyo mwake. Inde ankapatuka akakumana ndi apongozi aakazi, chifukwa mkamwini aliyense waulemu amatero. Ankakonza njinga za anthu ndi makina osokera, wogwira sipanala ali mwini njinga, iye akungolangiza. Chigayo cha ku Thuchila chitafa anamutenga, anachidzutsa tsiku limodzi. Malungo ankamugwetsa kawirikawiri, anaonda, khungu linasupuka ndi dzuwa. Koma ndikapita Lamulungu ndinkamupeza pakhonde, mwana pamwendo, akukangana ndi mdala wamadengu kuti nsungwi yabwino ndi iti. Kukhala duu kuja kunachepa.

Chimene chinamuononga ndi udzu. Tsiku lina galimoto ya azungu a pa esiteti ina, ndi akazi awo momwemo, inamupeza m'mbali mwa msewu, wopanda nsapato, mtolo wa udzu wofolerera pamutu, mkazi wake patsogolo. Akuti dona wina analira. Masiku amenewo nkhani ya chitaganya inali itatentha, anthu akusonkhana m'midzi, azungu akugona ndi mfuti. Anati mzungu wosenza udzu apangitsa kuti anthu akuda asiye kuopa. Sipanathe masabata awiri mesenjala anabwera ndi kalata yomuitana ku boma.

Ife tinauona ngati mlandu wa banja. Mlandu wa banja umafuna ankhoswe onse awiri, ndiye tinapita tonse, ine, mdala wamadengu, mkaziyo mwana kumsana, ndi mwini wake. Ndinavala jekete, ndinapachika mendulo. Mdala uja ananyamula dengu la mananasi kuti tisafike chimanjamanja. M'njira tinkachita kupangana kuti ayambe kulankhula ndani. Tinali ndi chikhulupiriro chonse kuti tikangonena kuti munthuyu ndi wathu, ali ndi pokhala, sapempha kwa munthu, nkhani yatha.

Tinapeza mzungu wachinyamata, wotopa m'maso, ndi kalaliki womasulira. Mipando inali iwiri. Anamulozera mzungu mnzake umodzi, iye anakana, anakhala pansi pamodzi ndi ife.

"Akufunsa kuti inu ndinu ndani," anatero kalaliki.

"Ndine nkhoswe wakuchimuna. Awa ndi akuchikazi."

Kalaliki anavutika nalo liwu limenelo, analankhula Chizungu chambiri, manja akuzungulira. Mzungu uja anagwedeza mutu ngati wamva.

"Akuti kalata ya ukwati ilipo?"

"Palibe. Tilipo ife."

"Akuti akulemekeza mwambo wanu. Koma m'mabuku mwawo munthu uyu alibe mkazi, alibe ntchito, alibe nyumba. Mzungu wotere saloledwa kukhala m'dziko muno. Abwerere kwawo."

Mdala uja anakankhira dengu la mananasi patsogolo pang'ono. "Mwanawe, uwauze bwana kuti mkazi ndi uyu wakhala apayu. Mwana ndi uyo, amuyang'ane mphuno. Nyumba akafuna tikawaonetse. Ngati vuto ndi kalata, alembe pompano, cholembera ali nacho m'manja."

"Akuti mwachedwa. Kalata yomuchotsa inasainidwa kale ku Zomba."

Ndinaimirira. Ndinati, "Abwerere kwawo kuti? Munamuchotsako ndinu, ali mwana wosadziwa kumanga lamba. Munamunamiza kuti amake anafa. Anakumenyerani nkhondo, makina anu amudya zala, lero wapeza pogona mwati ayi? Kodi munthu ameneyu mudzamusiya liti?" Zina zimene ndinanena sindingazibwereze. Kalaliki sanamasulire zonse, koma mzungu uja anamva, nkhope inafiira. Apolisi awiri ananditulutsa.

Ndinakhala pansi pa mtengo panja. Pawindo ndinkamumva mng'ono wanga akulankhula Chizungu nthawi yaitali, mawu akunka nachepa. Sanakuwe. Ankapempha. Kalaliki uja anatuluka kudzasuta fodya, anaima pafupi nane osandiyang'ana.

"Akulu, mukanalembetsa poyamba paja, akadali pantchito, mwina bwenzi zitavuta kumuchotsa."

"Mwina kapena ndithu?"

"Mwina. Sindinganame."

Anaponda fodya wake n'kubwerera. Mananasi aja anatibwezera, tinabwerera nawo.

Mng'ono wanga anamupatsa masiku khumi. Ine ndinati tiwoloke naye malire, ndili ndi abale kuseri kwa Milanje, akabisale kumeneko. Anandionetsa dzanja lija. "Mzungu wa zala ziwiri mumubisa pati, achimwene? Adzabwera kuno, adzavutitsa mudzi wonse. Ndatopa." Masiku khumiwo anathera kufolera nyumba ndi udzu uja ndi kukonza chitseko.

Tinamuperekeza ku Luchenza kusiteshoni, m'mawa, wapolisi mmodzi ali pambali. Wapolisiyo anali mnyamata wa kwathu konkuno, ankangoyang'ana pansi. Mkaziyo sanalire. Anamupatsa mtedza wokazinga m'kansalu n'kumuuza kuti, "Malungo akakugwirani musamaumire, muzinena. Kumeneko kulibe wokudziwani nkhope." Iye ananyamula mwana, anamununkhiza kumutu nthawi yaitali. Kwa ine anati, "Ndikapeza njira ndibweranso." Za pamtsinje paja sanatchule. Ndinkafuna atchule, anditukwane, andimenye ndi dzanja lotsalalo. Anangondigwira paphewa n'kukwera. Ine pepani sanatuluke. Sitima inapita.

Kunabwera khadi imodzi yochokera ku Beira. Aphunzitsi ena anatiwerengera, akuti ali bwino, moni kwa onse, mwana asamasewere kumtsinje. Basi. Aphunzitsi omwewo anandilembera makalata atatu opita kutauni imene anabadwira, dzina lake pamwamba, popeza keyala ina tinalibe. Yankho silinabwere. Pa esiteti anandichotsa mwezi womwewo umene iye anachoka, anati sakufuna munthu wokuwa m'maofesi. Ndinasamukira kwa akazi anga ku Thuchila, kulima nandolo ndi chimanga.

Zinapita mvula zinayi. Tsiku lina mdala wamadengu anafika pakhomo panga, atakalamba, akuyendera ndodo. Anati kwabwera mmisiri wa matabwa, mkazi wake anamwalira, akufuna kukwatira mwana wawo uja, mkazi wa mng'ono wanga. Koma mkaziyo akadali wa mwini. Womumasula ndi akuchimuna, ndipo akuchimuna ndine. Ndinakana. Ndinati munthu sanafe, ananena yekha kuti abweranso. Mdalayo anabweranso kachiwiri patapita miyezi, ndinakananso, mwamwano, mdala wosalakwa.

Kachitatu anabwera mkaziyo yekha. Anandipeza m'munda ndikuthyola nandolo. Sanakhale pansi.

"Alamu, mundimasula liti?"

"Amuna anu ali moyo."

"Mwawaona?"

"Sindinamve kuti anafa."

"Nanenso sindinamve. Ndamva chiyani ine zaka zinayi? Denga likudontha, munda ndikulima ndekha, mwana akadwala ndimamubereka ndekha mpaka ku Mishoni. Inu madzulo mumalowa m'nyumba muli akazi anu. Ndiye ukwati umene mukuusungawu ndi wa ndani?"

"Ndinalonjeza pamaso pa anthu."

"Munalonjeza kuti pakakhala vuto tibwere kwa inu. Ndabwera." Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo. "Za kalata zija anandiuza, alamu. Anandiuza kuti munamuletsa ndinu. Iye sanakwiye, anati munkamufunira zabwino. Amene ndinakwiya ndine, ndipo ndinakhala chete chifukwa cha iye. Musandilipiritse ine mlandu wanu. Munthu uja ndinagona naye mphasa imodzi ndine, osati inu. Akanakhala ndi njira bwenzi atafika."

Ndinati Lamulungu likubwerali.

Tinakhala pabwalo lomwe lija tinamangirapo ukwati. Anthu anali ochepa, panalibe wokwera mumtengo. Mwana uja anali atakula, tsitsi lofiirira, ankandiyang'ana kuseri kwa amake, osandidziwa bwino. Mdala uja anafotokoza nkhani monga mwa mwambo, kenako anandipatsa mpata. Ndinati, "Ife akuchimuna tamusudzula mkaziyu. Sanalakwe kanthu. Akwatiwe, sitidzamutsata." Ndinanena kuti ife, ndili ndekha. Azimayi sanalulute. Ndinadziwa kuti mng'ono wanga akadzatsika sitima mawa ku Luchenza, malo amodzi okha padziko amene akanalowa osaodira ndawatseka ndine.

Ndinkati ndinyamuke, mdala anati ndidikire. Mwamuna akachoka pamudzi, katundu wake satsala, amatsata mwini. Anatulutsa m'nyumba bokosi lachitsulo, bulangeti lotuwa, nkhwangwa, ndi kampando kamodzi kamiyendo itatu. Anaziika patsogolo panga.

"Izi mukapereke kwawo."

"Kwawo kuti, mdala?"

"Aaa, ife sitingadziwe. Akuchimuna ndinu."

Sankandinyoza. Mwambo umatero basi. Ndinamangirira zonse panjinga, kupalasa sikunatheke, ndinakankha wapansi kuchokera ku Milonde mpaka ku Thuchila. Ndinafika miyendo itatupa. Mkazi wanga anatuluka, anayang'ana katunduyo, anandiyang'ana ine. Anafunsa kuti tiika pati, popeza nyumba ndi yaing'ono. Ndinati asunthe dengu la chimanga, bokosi likhale kukona kopanda chinyezi. Nkhwangwa ndinaipachika kudenga. Bokosilo sindinatsegule, si langa.